Njoka yoyamba m'nyumba: rosy boa, Kenyan sand boa kapena Hog Island boa?

Munthu amene akufuna kuyamba kuweta njoka amathamangira funso limodzi: kodi imaluma? Funsoli ndi lomveka, koma likakhala lokhalo limasocheretsa. Njoka za mtundu wa boa zilibe ululu, ndipo zing'onozing'ono zimene anthu amaweta ku Britain, ku America ndi ku South Africa zikaluma chala, bala lake limakhala ngati wakwalidwa ndi minga. Mumatsuka ndi sopo n'kupitiriza zanu. Zimene zimasowetsa mtendere oweta atsopano ndi zina: njoka yokana kudya kwa miyezi, njoka yobisala yosaoneka sabata yathunthu, njoka yodwala chifuwa chifukwa m'bokosi mwanyowa, kapena kanjoka kogulidwa kali kakang'ono kenako n'kukula mpaka bokosi kuchepa. Pano ndiyerekeza mitundu ingapo poyang'ana zinthu ziwiri nthawi imodzi, khalidwe lake ikakhala m'manja ndi zimene imafuna pakhomo kuti khalidwe limenelo lisasinthe.

Choyamba timvane kuti njoka siikonda kugwiridwa, imangozolowera. Kutchire chilichonse chimene chimaitsikira kuchokera kumwamba chimakhala mbalame yofuna kuidya, ndiye tikati njoka iyi ndi yofatsa tikutanthauza kuti yaphunzira kuti dzanja lanu silidya njoka. Mitundu ina imaphunzira msanga, ina imachedwa, ndipo ngakhale m'mimba imodzi mumabadwa ofatsa ndi amantha. Chinanso, boa si nsato ya kwathu. Nsato imaikira mazira, imatha kupitirira mamita 4, ndipo lamulo limaiteteza. Mitundu yambiri ya boa imabereka ana amoyo, ndipo ku Malawi ndi ku Zambia kulibe boa ya kutchire. Kutola mwana wa nsato kumunda n'kumutsekera m'bokosi ndi mlandu, komanso ndi nkhanza.

Rosy boa

Rosy boa, imene asayansi amaitcha Lichanura trivirgata, kwawo ndi ku California ndi ku Arizona, kutsikira ku Baja California ndi ku Sonora m'dziko la Mexico. Imakhala m'ming'alu ya miyala, kumalo ouma. Yaikulu imatalika masentimita 60 mpaka 90, si kawirikawiri kupitirira mita imodzi. Ili ndi mizere itatu yochokera kumutu kukafika kumchira, yofiirira, yalalanje kapena yodera malinga ndi dera limene makolo ake anachokera.

Ubwino wake waukulu ndi mayendedwe. Imakwawa mwachifatse kwambiri moti munthu wamantha amapeza mpata woona kumene mutu ukulowera asanayambe kunjenjemera. Mukaiika pamkono imalowetsa mutu pakati pa zala, mchira n'kuukulunga padzanja, ndipo siidumpha kapena kuphiriphitha. Kwa munthu amene sanagwirepo njoka chibadwire, zimenezi n'zofunika kuposa maonekedwe, chifukwa ngozi yaikulu pa masiku oyamba si kulumidwa koma kudzidzimuka n'kuigwetsa pansi.

Vuto lake ndi dyera. Rosy boa ikaluma munthu, nthawi zambiri si ukali ayi, imakhala yayesa chala chanu ndi mbewa. Malumidwe akewo ali ndi ndondomeko yake. Imayamba kulawa khungu ndi lilime, kenako kukankha ndi mphuno malo amodzimodzi, kenako kuyasamula pang'onopang'ono n'kugwira, n'kuyamba kukulunga chala ngati yapha ndiwo. Ine ndimaona kuti limeneli ndi vuto labwino kwa wophunzira, chifukwa limaonekera patali. Mukaona mphuno yayamba kukankhakankha, isunthireni kudzanja lina kapena muibwezere m'bokosi. Ndipo musaigwire manja akununkha mbewa.

Mdani wake weniweni ndi chinyontho. M'bokosi mukakhala monyowa, mpweya osayenda bwino, imadwala matenda a m'mapapo kapena kuyamba kusanza chakudya. Amene ali ku Britain aganizire zimenezi, chifukwa nyumba zambiri zakale kumeneko zimachita nkhungu m'nyengo yozizira. Kwathu kuno nyengo ya dzinja ikhoza kubweretsa vuto lomwelo. Imafuna bokosi lokhala ndi timabowo tambiri topitira mpweya, kambale kakang'ono ka madzi kosataika, ndi mbali imodzi yofunda madigiri 30 mpaka 32 pamene mbali inayo ili yozizirapo. Imadziwanso kukankha chivundikiro, ndiye bokosi losakhomeka bwino mudzalipeza lopanda kanthu m'mawa. Ikasamalidwa imakhala zaka 20 mpaka 30.

Kenyan sand boa

Iyi ndiye yapafupi ndi kwathu. Asayansi amaitcha Eryx colubrinus, ndipo imapezeka kuyambira ku Egypt ndi ku Sudan, kudutsa Ethiopia, Somalia ndi Kenya, mpaka kumpoto kwa Tanzania. Ndi yaifupi ndi yonenepa, yalalanje kapena yachikasu ndi mawanga akuda moderako. Yamphongo imathera pa masentimita 40 kapena 50, yaikazi imafika 60 mpaka 80. Oweta akhala akuiberekesa kwa zaka zambiri, choncho siivuta kupeza, mtengo wake ndi wotsikirapo, ndipo pali mitundu yosiyanasiyana ya maonekedwe, monga ya albino ndi ina yakuda ndi zoyera imene ogulitsa amaitcha anery.

Koma dziwani chimene mukugula. Njoka imeneyi moyo wake ndi wa pansi pa nthaka. Mukayang'ana m'bokosi mudzaona utuchi wokhawokha, ndipo mukapenyetsetsa pakona penapake mudzaona timaso tiwiri ndi kamphuno titatulukira pang'ono, thupi lonse lili m'kati. Tsitsani mbewa ndi chopanira, muigwedeze pamwamba pa utuchiwo. Kwa kanthawi sipachitika chilichonse. Kenako utuchi umaphulika, njoka yagwira kale cham'mbali, yakulunga, ndipo kawirikawiri imakokera mbewayo pansi. Pamenepo ndi pamene imasangalatsa kuionera, ndipo pamenepo ndi pamenenso pamachokera kulumidwa konse kwa eni ake. Munthu akamafufuza m'utuchi ndi zala kuchokera pamwamba, amachita ndendende zimene mbewa imachita.

Kagwiridwe kake n'kosiyana ndi ka njoka zina. Lowetsani dzanja m'utuchi cham'mbali, mulipititse kunsi kwa mimba yake, n'kuinyamula ndi utuchi womwe. Ikatuluka imakhala yofatsa ndithu, koma siidziwa kugwira. Thupi lake linapangidwira kukumba, osati kukwera, ndiye pamkono imaterereka, nthawi zina imadzigwedeza mwadzidzidzi cham'mbali, mutu ukufunafuna pobisala pakati pa zala kapena m'mkono wa malaya. Muziigwira mutakhala pansi kapena pamwamba pa bedi, manja onse awiri ali kunsi kwake. Kanjoka kotere kakagwa pasimenti kuchokera m'manja mwa munthu woimirira kakhoza kuvulala m'kati.

Pa chisamaliro ndi yopirira kuposa rosy boa. Imafuna mbali yofunda ya madigiri 32 mpaka 35 ndi utuchi wakuya woti ikwiririkemo. Oweta ambiri amagwiritsa ntchito utuchi wa mtengo wa aspen wogula m'sitolo za ziweto. Utuchi wotola kocheka matabwa a paini kapena a cedar musauyerekeze, mafuta ake amapweteka mapapo a njoka. Amphongo amatha kukana chakudya kwa milungu ingapo ikafika nyengo yofuna zazikazi, ndipo woweta watsopano amada nkhawa n'kuyamba kuivutitsa ndi mbewa tsiku ndi tsiku, zimene zimangowonjezera vutolo. Chifukwa cha chimenechi, ngati mwasankha mtundu umenewu, tengani yaikazi.

Yofatsitsa koma yosayenera

Mukafunsa anthu odziwa njoka kuti boa yofatsa kuposa zonse ndi iti, ambiri adzatchula rubber boa, Charina bottae, ya kumapiri ndi kunkhalango za kumadzulo kwa America mpaka ku British Columbia m'dziko la Canada. Pafupifupi siiluma konse. Ikaopa imadzikulunga n'kubisa mutu pakati, n'kutukula mchira wake wobuntha umene umaoneka ngati mutu, mwinanso kutulutsa kafungo koipa. Kutchire imadya ana a mbewa m'chisa, ndipo mayi wa anawo akabwera kudzalimbana nayo imamupatsa mchirawo kuti alume, n'chifukwa chake zambiri zogwidwa kutchire zimakhala ndi zipsera kumchira.

Ngakhale zili choncho, sindingaipereke kwa munthu woyamba. Ndi njoka ya kozizira, ndipo kutentha kumene Kenyan sand boa imakondwera nako kukhoza kuipha. Chipinda cha m'mwezi wa October ku Lilongwe kapena cha m'December ku Durban si malo ake, ndipo kuziziritsa bokosi n'kovuta kuposa kulifunditsa. Imatha miyezi osadya, ana ake ambiri sayamba kudya mpaka atadutsa nyengo yozizira, ndipo zoberekedwa m'manja mwa oweta n'zosowa. Kufatsa kwake sikungakuthandizeni kanthu ngati njokayo ikuwonda inu mukuona.

Hog Island boa

Apa tikusiya tinjoka tokwana m'dzanja. Hog Island boa ndi ya mtundu umene asayansi amautcha Boa imperator, ndipo kwawo ndi pa tizilumba ta Cayos Cochinos, kumpoto kwa gombe la Honduras. Chifukwa cha moyo wa pachilumba siikula ngati abale ake a kumtunda, imathera pa mita 1.2 mpaka 1.8, yamphongo ndiyo imakhala yocheperapo. Ndi yotuwa mokongola, mchira wake wonga lalanje, ndipo khungu lake limasintha, nthawi zina kuwala nthawi zina kudera. Kukongola kumeneku kunatsala pang'ono kuithetsa. M'zaka za m'ma 1980 anthu ankaigwira yambirimbiri kukagulitsa kunja, mpaka ena anayamba kuganiza kuti pazilumbapo yatha. M'zaka za m'ma 1990 malowo anawasandutsa otetezedwa, ndipo zimene zili pamsika lero ziyenera kukhala zidzukulu za zija zinatengedwa kale.

Kwa munthu amene akufuna njoka yoti aziiona, iyi ndiye imakhutiritsa. Madzulo imatuluka, imakwera nthambi, imayang'ana zochitika. M'manja imagwira mwamphamvu, ndipo mumamva minofu ikuyenda pamkono. Ana ake amakonda kufwenthera mwaukali ndi kuyasamula kukamwa, ena amagomphanso, koma ambiri amazizira mtima akamakula ngati akugwiridwa mofatsa. Yaikulu ikaluma magazi amatuluka ndithu, ngakhale si zogonekera kuchipatala. Ndipo njoka ya msinkhu umenewu siikolekedwa m'khosi, ngakhale ikhale yofatsa chotani. Siikhala ikufuna kupha munthu, imangofinya pofuna pogwira, koma khosi si malo oyeserapo.

Mtengo wake weniweni uli pa malo ndi chakudya. Yaikulu imafuna bokosi losachepera masentimita 120 m'litali, chinyontho cha maperesenti 60 mpaka 70, ndi makoswe m'malo mwa mbewa. Chenjeraninso ndi mtundu. Oweta ena anaisakaniza ndi boa za ku Colombia, ndipo mwana wosakanizayo akhoza kupitirira mamita 2. Ngati wogulitsa sangakuonetseni makolo a njokayo, ganizani kuti idzakula kuposa mmene akunenera.

Pali mitundu ina iwiri imene idzakukopani m'sitolo. Brazilian rainbow boa imanyezimira mitundu ya utawaleza ikakhala pakuwala, koma ana ake amaluma pafupipafupi, amafuna chinyontho chambiri chosadukiza, ndipo kutentha kukapitirira madigiri 30 amafooka msanga. Imeneyo ikhale njoka yanu yachiwiri. Dumeril's boa ya ku Madagascar ndi yofatsa, koma imafika mamita 2 ndi thupi lolemera, ndiye kuitcha yaing'ono n'kudzinamiza.

Ndiye tisankhe iti?

Mpikisano weniweni uli pakati pa rosy boa ndi Kenyan sand boa, ndipo funso limene limaweruza ndi lakuti mukufuna chiyani kwa njokayo. Ngati mukufuna kuphunzira kugwira njoka, kuti dzanja lanu lizolowere ndipo ana okulirapo a m'nyumbamo athe mantha, ine ndingasankhe rosy boa mosakayika, bola ngati nyumba yanu ndi youma. Imaoneka kawirikawiri, imagwira dzanja, ndipo ikafuna kuluma imachenjeza. Ngati malo ndi ochepa, ndalama n'zochepa, ndipo mtima wanu ungapirire kusamalira chiweto chimene simuchiona masiku ambiri, Kenyan sand boa yaikazi siidzakuvutitsani. Chimene ndimadandaula nacho ndi anthu amene amagula njoka imeneyi kenako n'kumaifukula tsiku lililonse kuti aonetse alendo. Njoka yokumba ikamafukulidwa chotero imasiya kudya, ndipo mwini wake amati anamugulitsa yodwala. Hog Island boa ndi ya munthu amene ali ndi malo okhazikika, osati wochita lendi chipinda chimodzi amene sakudziwa kumene adzakhale chaka chamawa.

Masiku oyamba ndi kagwiridwe

Mtundu uliwonse umene mwatenga, sabata yoyamba kapena ziwiri musaigwire konse. Ikhale m'bokosi lake lokhala ndi mobisala muwiri, kofunda ndi kozizira, inu muzingosintha madzi. Muyambe kuigwira itadya bwino kawiri kapena katatu. Poyamba mphindi 5 zakwana, kawiri kapena katatu pa sabata, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Musanaitenge ikhudzeni pathupi ndi kandodo kangowe kapena ndi pepala lopinda, kuti idziwe kuti si nthawi ya chakudya. Dzanja lifike cham'mbali, osazengereza, chifukwa dzanja lobwera n'kubwerera n'kubweranso ndi limene limaichititsa mantha. Nyamulani pakati pa thupi, musagwire kumutu kapena kuikoka ndi mchira, ndipo muilole iziyenda kuchoka kudzanja lina kupita kulina m'malo moipana.

Ikadya isiyeni maola 48 osaigwira. Mukaisuntha mimba ili yodzaza imasanza, ndipo kusanza kumaifooketsa kwambiri moti muyenera kudikira pafupifupi masabata awiri musanaipatsenso chakudya. Maso akachita mbuu ndi khungu kutuwa, ndiye kuti ili pafupi kufundula. Nthawi imeneyo siiona bwino ndipo ngakhale yofatsa imatha kugompha, choncho dikirani mpaka ifundule. Ikakulumani n'kukakamira, musakoke. Mano ake ndi opindikira kumbuyo, ndipo kukoka kumang'amba khungu lanu ndi kuthyola mano ake. Ikani dzanjalo pansi pa madzi ozizira a pampopi, idzasiya yokha.

Njoka zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella m'matumbo ngakhale zili bwinobwino. Sambani m'manja ndi sopo mukaigwira, musatsukire mbale yake mosinki ya kukhitchini, ndipo ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika asaigwire.

Magetsi, mbewa ndi malamulo

Chofunditsira chilichonse, kaya ndi kamphasa kamagetsi koika kunsi kwa bokosi kaya babu, chiyenera kudutsa pa thermostat, kachipangizo kamene kamazimitsa chofunditsiracho kutentha kukapitirira muyeso. Njoka zambiri zimapsa pamimba chifukwa mwini wake anafuna kupulumutsa ndalama pa kachipangizo kameneka, ndipo njoka imatha kugona pamalo ootcha osasuntha mpaka khungu kuwonongeka. Kumene magetsi amazimazima, njoka yathanzi ikhoza kupirira maola angapo, koma musaidyetse ngati mukudziwa kuti usiku umenewo kukhala mdima, chifukwa popanda kufunda chakudya chimaola m'mimba. Ganiziraninso za firiji, popeza chakudya choyenera ndi mbewa zoweta zoumitsa mufiriji, zimene mumasungunula m'madzi ofunda musanapereke. Mbewa zokumba kumunda ndi makoswe a m'nyumba zimabwera ndi njoka za m'mimba, ndipo zina zimakhala zitadya mankhwala a makoswe. Mbewa yamoyo nayo ikhoza kuluma njoka yanu mpaka kuipweteka. Ngati kumene muli kulibe wogulitsa mbewa zoweta, kapena dokotala wa ziweto wodziwa za njoka, ndi bwino kuyamba mwadikira.

Mitundu yonse ya boa ili pa mndandanda wa CITES, pangano la mu 1973 loyang'anira malonda a nyama zakutchire pakati pa mayiko, ndiye kuidutsitsa malire popanda zikalata ndi mlandu. Ku Malawi zilolezo zimenezi zili m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife, ndipo lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017. Ku South Africa chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake, choncho chimene chili chololedwa ku Gauteng musachiyese chololedwa ku Western Cape musanafunse. Ku Britain boa siili m'gulu la nyama zofuna laisensi pansi pa Dangerous Wild Animals Act ya 1976, koma ku England ndi ku Wales Animal Welfare Act ya 2006 imakukakamizani kuipatsa malo ndi chakudya choyenera. Mwini nyumba amene mukuchita lendi ayenera kuvomereza, ndipo a m'nyumba mwanu nawonso avomere ndi mtima wonse. Pakati pathu njoka yosungidwa m'nyumba imadzutsa nkhani za ufiti msanga, ndipo ndi bwino achibale ndi anansi amve kwa inu mwini m'malo momva mphekesera.

Tsiku logula, gulani kwa munthu amene anaiberekesa yekha kapena sitolo yodziwa kumene njokayo inachokera. Funsani tsiku limene inabadwa, masiku amene yadya, ndiponso ngati imalandira mbewa zosungunula. Mwana amene sanadye kangapo motsatizana musamutenge, ngakhale atsitse mtengo. Igwireni pomwepo. Thupi likhale lolimba, lilime lizituluka pafupipafupi, kukamwa kutsekeke bwino popanda thovu kapena kulira kwa mpweya. Mukaibweza yang'anani m'manja mwanu ngati muli timadontho takuda toyenda, umenewo ndi utitiri wa njoka, umene umabisala m'mbali mwa maso ndi kunsi kwa chibwano. Njoka yopenya kumwamba nthawi yaitali, kapena yolephera kudzitembenuza mukaigoneka chagada, ikhoza kukhala ndi matenda ogwira ubongo ndi mitsempha otchedwa IBD (inclusion body disease), amene mu 2012 asayansi anawalumikiza ndi kachilombo ka mtundu wa arenavirus. Matendawa alibe mankhwala, ndipo boa imatha kukhala nawo nthawi yaitali osaonetsa chizindikiro. Ngati m'nyumba muli kale chokwawa china, yatsopanoyo ikhale m'chipinda chakechake kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, ndi mbale ndi chopanira chakechake. Pa masabata oyambawo yalani mapepala oyera m'bokosi kuti utitiri ndi chimbudzi chachilendo zioneke msanga. Kwa Kenyan sand boa ng'ambani mapepalawo tizidutswa, kuti ipezebe pokwiririka.